Architect yemweyo kujambula, yemweyonso kumanga: ndawapatsa nyenyezi 4 pa 5

Ndadikira dala kuti nyumba ione kaye dzinja limodzi lathunthu ndisanalembe, chifukwa nyumba ya penti watsopano iliyonse imakongola, mvula ndi imene imaulula. Makiyi tinalandira mu Ogasiti 2024, mvula yabwera yapita, ndiye pano nditha kuyankhula.

Ine ndimagwira ntchito ku Johannesburg, mkazi wanga ndi ana ali ku Lilongwe, puloti yathu ili ku Area 49 chakumunsi kufupi ndi dambo. Kampani yake sinditchula dzina koma ndi ka kampani kakang'ono, mwini wake ndi architect, iwo amati amapanga design and build, kutanthauza kuti pulani amajambula okha, ku khonsolo amapita okha, amisiri ndi awo, folomani ndi wawo, iwe umasainirana ndi munthu mmodzi basi ndipo ndalama umapereka kumodzi.

Kuti mumvetse chomwe ndinapitira kumeneko ndiyambe ndi manyazi anga. Mu 2021 ndinayamba kumanga mwa njira yomwe tonse timaidziwa ija, pulani ndinagula kwa mnyamata wina wojambula yemwe pa puloti sanapondepo ndi tsiku limodzi lomwe, mmisiri anandipezera alamu anga, ine ntchito yanga kumangotumiza ndalama pa Mukuru nkumalandira zithunzi pa WhatsApp. Titafika pa mawindo khoma la kuchipinda linang'aluka kuchoka pansi mpaka pamwamba, mng'alu woti chala kulowa. Kufunsa mmisiri akuti pulani ndi yolakwika, kufunsa wojambula akuti mmisiri anaba simenti, kufunsa alamu akuti mlamu ine ndimangogula zomwe andiuza. Anthu atatu, wolakwa palibe, ndalama zanga zapita. Mpaka pano ndi alamuwo timangopatsana moni wa pamaliro.

Ndiye mu 2023 mnzanga wina wa kutchalitchi konkuno anandiuza za a architect amenewa. Chinthu choyamba chomwe chinandidabwitsa, asananene mtengo uliwonse anapita kaye pa puloti ndi anyamata awiri nkukumba maenje atatu kuti aone dothi. Anandiimbira video call ali m'dzenje, dothi lili m'manja, akuti bwana awa ndi makande, dzinja amafufuma chilimwe amauma nkung'aluka, fawundeshoni yomwe munaika ija ndi yosaya komanso mulibe chitsulo, ngakhale simenti akanapanda kuba ikanang'alukabe. Zinandiwawa koma kanali koyamba munthu kundiuza chifukwa chake. Tinagwetsa zonse. Njerwa zina tinapulumutsa zinapita ku mpanda.

Mbali ya kujambula ndi yomwe ndinasangalala nayo kwambiri, ndipo apa ndipomwe ndinaona kuti sukulu ija sapitira chabe. Ine m'mutu mwanga munali nyumba ya zipinda 4 yomwe ndinaiona pa Facebook, magalasi akuluakulu kutsogolo. Iwo anayamba ndi mafunso, mumaphika pa chani, makala kapena magetsi, alendo a kumudzi akabwera amagona masiku angati, mayi anu amatha kukwera masitepe, galimoto muli nayo kapena mukuganiza zogula. Akazi anga anachita kuseka kuti awa akufuna atimangire nyumba kapena atifunsire mbeta kkkk. Koma mapeto ake anatiuza mosabisa kuti ndalama zomwe tili nazo ndi za zipinda 3, chachinayi anachijambula pa pulani kuti tidzawonjezere mtsogolo osagumula kanthu, mpaka lintel ya chitseko chake anaikiratu m'khoma. Magalasi anga aja anawakana, akuti kutsogolo kwa puloti yanu kwayang'ana kumadzulo, mu Okutobala dzuwa la masana lidzakuphikani ngati mbatata. Mawindo aakulu anawaika kumpoto ndi kummwera, kumadzulo anaika khonde lalitali. Okutobala 2024 ndinali kumudzi pa holide, masana pa sitting room umakhala bwinobwino opanda fani, pomwe kwa aneba athu a magalasi aja makatani amakhala otseka tsiku lonse.

Za mapepala sindinavutike nazo. Pulani anakapereka okha ku Lilongwe City Council, ikubwera ili ndi chidindo, ine ndinangolipira. Ndisanasaine ndinawapempha satifiketi ya ukontirakitala ya NCIC (bungwe la boma lolembetsa makontirakitala) komanso umboni woti iwowo analembetsa ku Board of Architects and Quantity Surveyors, anatumiza tsiku lomwelo osanyinyirika. Izi funsani abale, anthu ambiri m'tauni muno akudzitcha ma architect chonsecho anangophunzira kujambula pa kompyuta.

Tinamangira mabuloko a simenti. Ine ndimafuna njerwa zootcha poti ndi zomwe tinazolowera, iwo anandifotokozera kuti kuyambira 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi za bizinesi chifukwa cha mitengo yomwe ikutha, ndiye kampani yawo inangosiyiratu ngakhale pa nyumba za anthu, komanso akuti buloko limayenda msanga, matope olumikizira amalowa ochepa, pulasitala sadya simenti wambiri chifukwa khoma limakhala lowongoka kale. Mabuloko ankaumba pa saiti pompo nkumawathirira madzi masiku angapo asanayambe kumangira, osati zija zogula m'mbali mwa msewu zoti ukaligwetsa limasanduka mchenga.

Tsopano nkhani ya ndalama, poti ndi yomwe aliyense akufuna kumva. Sizotchipa, ndisakunamizeni. Kotesheni yawo inali pamwamba ndithu kuyerekeza ndi ya amisiri awiri omwe ndinawafunsa pambali, ndipo akazi anga poyamba anakana. Koma anatipatsa BOQ, ndandanda wa zipangizo ndi mitengo yake, chilichonse cholembedwa, matumba a simenti angati, zitsulo za Y12 zingati, matani a kwale, matilipi a mchenga, malata a IBR geji 28 angati, mpaka mankhwala a chiswe othira pansi pa silabu. Kulipira kunali kwa magawo, fawundeshoni ikatha, pa ring beam, denga likakwera, kenako finishing, ndipo 5 peresenti tinagwirizana kuti ndiigwire kwa miyezi 12 kuti china chikavuta abwere adzakonze.

Kenako Novembala 2023 inafika, kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700. Tinali titangomaliza silabu. Ndinangoti basi zanga zada kachiwiri. Apa ndiwayamikire, chifukwa ndalama ya gawo loyamba itangolowa mu Seputembala iwo anali atagula kale zitsulo zonse ndi malata nkusunga ku yadi kwawo, akuti anaphunzira pa kugwa kwa kwacha kwa Meyi 2022 kuja. Simenti yekha ndi amene sakanagula wambiri poti akakhalitsa amauma m'matumba. Ndiye zomwe zinakwera ndi simenti, matailosi, penti, mawaya ndi za ku bafa. Mu kontirakiti munali ndime yoti mitengo ikasintha chifukwa cha kwacha tidzagawana motere, ine ndimeyo sindinaiwerenge bwino nkomwe posaina, ndinadzaiwerenga mtima uli m'mwamba. Ndinawonjezera ndalama inde, koma anandionetsa ma invoisi akale ndi atsopano, sizinali zongonena pakamwa kuti bwana zinthu zakwera.

Akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga, koma pa nkhani iyi ine ndinakonda kuti denga lonse lili pa mutu umodzi. Chitsanzo, pulambala anaboola silabu pa malo olakwika, paipi ya ku toilet inatulukira pakati pa chitseko. Kale zikanakhala zokankhirana, uyu akuti pulani uyu akuti mmisiri. Apa a architect anangonditumizira chithunzi okha ine ndisanadziwe nkomwe, akuti anyamata anga alakwitsa, tikonza ndi ndalama zathu, titaya masiku awiri. Lachisanu lililonse kunkabwera lipoti pa WhatsApp, zithunzi ndi zomwe zagwiritsidwa ntchito, masabata ena linkabwera Lamlungu usiku koma linkabwera.

Nanga nyenyezi imodzi yapita kuti? Pali zinthu zitatu ndipo chachikulu ndi ichi. Mwa njira yakale ija, architect amakhala maso ako, kontirakitala akaphonya iye ndi amene amati gumula. Koma apa wojambula ndi yemweyo, womanga ndi yemweyo, woyendera ntchito nkunena kuti gawo latha lipirani ndi yemweyonso. Wosewera mpira yemweyo, refu yemweyo. Ine izi zinandilowa m'mutu mochedwa, tili pa ring beam, nditaona kuti pa BOQ analemba brickforce, waya uja amaika pakati pa mizere ya mabuloko kuti khoma lilimbe, mizere itatu iliyonse koma pa zithunzi ndikuwerenga mizere inayi pena isanu. Nditafunsa anayankha kuti ndi zokwanira pa mabuloko, mwina ndi zoona, koma nanga ndalama ya brickforce yotsalayo? Anadzaichotsa pa bilu nditalimbikira, koma ndikanapanda kuwerenga mizere pa foni usiku nditaweruka bwenzi zitadutsa. Kuchokera pamenepo ndinalemba quantity surveyor wapadera, katswiri wowerengera zipangizo ndi ndalama za zomangamanga, woti azipita pa saiti gawo lililonse ndisanalipire. Ndalama yake inali yochepa poyerekeza ndi mtendere womwe ndinapeza, ndipo a architect nkhope inagwa pang'ono sabata yoyamba koma kenako anazolowerana. Ndikanadziwa ndikanamulemba tsiku loyamba.

Chachiwiri, munthuyu amaikonda pulani yake kuposa mwini nyumba. Akazi anga ankafuna kakhitchini ka panja kophikira pa mbaula, nyemba ndi thelele sungaphikire pa kuka ya magetsi tsiku ndi tsiku, komanso magetsi akazima umatani. Iwo ankangozengereza, akuti kadzaononga maonekedwe a kumbuyo. Tinakangana mwezi wathunthu mpaka mayi a ana anawauza kuti achimwene, m'nyumbamu mudzagona ndinu kapena ife? Anavomera koma mochedwa moti sikanalowenso mu bajeti, pano akuphikira pa khonde la kuseri, khoma layamba kale kuda ndi utsi. Komanso kusintha kalikonse ntchito ikayamba kumadula, kusuntha soketi imodzi yokha amakulembera pepala la variation, ndiye ganizani zonse pulani isanadindidwe.

Chachitatu ndi denga. Mbali ya kutsogolo anatipangira hidden roof, zija malata amabisika kuseri kwa khoma, yokongola zedi anthu odutsa amaima kujambula. Mvula ya Januwale 2025 gatala ya m'katimo inadzaza ndi masamba a mango a kwa aneba, madzi anasefukira mu siling'i ya pa sitting room, banga lalikulu ngati mapu a Malawi. Kunena chilungamo sanakane, sananene kuti ndi vuto la mmisiri wa denga kapena la mtengo wa aneba, anati gatala tinaipanga yopapatiza komanso tinayenera kuika paipi yachiwiri yotayira madzi. Anakulitsa, anaika sefa, anasintha mabodi awiri a siling'i nkupentanso, osandilipiritsa olo 1 tambala. Koma anatenga masabata atatu kuti abwere, akuti anali ndi saiti ina ku Salima, masabata atatu mu Januwale ana akutchera mabeseni. Pamenepo ndinaona ubwino wa 5 peresenti ija, nditangoikumbutsa pa foni Lolemba, Lachitatu anyamata anali pa denga. Ndipo ine ndikanati ndiyambirenso hidden roof sindingailole, denga la malata otulukira kunja lija makolo athu sanali opusa.

Nthawi anati miyezi 9, inakwana 11. Mwezi umodzi ndi wanga ndinachedwa kutumiza ndalama kwacha itagwa, winawo ndi wawo, matailosi omwe anasankha okha anasowa m'mashopu ndiye m'malo mosintha mtundu anadikira. Za madzi a Lilongwe Water Board ndi magetsi a ESCOM mafomu anatithandiza kulemba koma kutsatira kunali kwa ife, izi sizinali mu mtengo, funsani bwino poyamba chifukwa ine ndinkaganiza kuti zili momwemo. Chimodzimodzi geti, mpanda ndi thanki ya madzi, zonse zinali pambali.

Kwa amene muli kunja ngati ine, kaya ku Joni kaya ku UK, kapena muli konko koma ntchito siikulolani kukhala pa saiti kuwerenga matumba a simenti, njira iyi ndingakulimbikitseni, bola mupeze munthu wanuwanu woyendera ntchito yemwe sadya nawo. Koma ngati mumamanga pang'onopang'ono, mwezi uno matumba 10 mwezi wa mawa zii, sizikuyenererani, iwowa amafuna ndalama ya gawo lonse ikhalepo asanayambe, ikachedwa amachotsa anyamata kupita nawo saiti ina. Zikatero bola mungowalipira kuti akujambulireni pulani ndi kukuonerani dothi, kumangako muzipanga ndi mmisiri wanu.

Makoma mpaka pano alibe mng'alu olo umodzi, ndayendera ndekha ndi tochi kona iliyonse, pa makande omwe aja. Zitseko zikutsekeka bwino, chiswe sichinaoneke. 5 peresenti yawo ndiwapatsa ikakwana miyezi 12 mu Ogasiti 2025, ndipo ndawauza kale kuti anditumizire kotesheni ya kakhitchini ka panja kaja, ulendo uno ajambule momwe akufunira mayi a ana.