Arduino Uno yanga patatha miyezi 8 pa kosi ya control systems

Ndinagula Arduino Uno, kabodi kamagetsi kamene umakalembera code kuti kaziyendetsa zipangizo, ku Limbe kutatsala masabata awiri kuti kosi ya control systems (maphunziro a momwe makina amadziwongolera okha) iyambe, pamodzi ndi sensa yoyezera kutentha ya DS18B20, relay imodzi (swichi yoyatsidwa ndi kuzimitsidwa ndi kabodiko) ndi timawaya tambirimbiri. Pano yatha miyezi 8 ili patebulo panga kuno ku Chitawira, ndiye ndikhoza kunena zomwe ndaona ndi maso.

Ndinkayembekezera kuti tsiku loyamba lomwelo tiyamba kulumikiza mawaya. Ayi ndithu. Miyezi iwiri yoyamba anali masamu okhaokha: Laplace, transfer function, Routh-Hurwitz, kenako Bode. Kabodi kanga kanangokhala m'katoni kakuchita fumbi, ine mtima ukuwawa ndi ndalama. Inu amene mukukonzekera kosi imeneyi, yambani mwabwereza ma differential equation. Zogula zisakuthamangitseni.

Ntchito yake inaoneka mwezi wachitatu. Azakhali anga amaweta nkhuku ku Chileka, ndiye ndinawakhomera bokosi lofungatira mazira, mkati ndinaikamo babu lotenthetsera. Dzira la nkhuku limafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 37.5 kwa masiku 21. Poyamba kabodi kankangoyatsa ndi kuzimitsa babu kudzera pa relay: kukazizira liyake, kukatentha lizime. Relay inkalira tiki-tiki usiku wonse, kutentha kukungokwera ndi kutsika osakhazikika. Nditajambula manambala a kutenthako pa kompyuta, ndinaona mafunde omwe aja tinkawawerengetsa pabolodi. Thupi linachita tsembwe.

Ndinasintha n'kuika solid state relay (relay yopanda tizitsulo togundana mkati), ndi kulemba PID, code yowerengera mphamvu yoti babu lipatsidwe poona kusiyana kwa kutentha komwe kulipo ndi komwe kukufunika. Poyitchuna ndinatsata njira ya Ziegler ndi Nichols ya mu 1942: kukweza gain (kukula kwa momwe PID imayankhira) pang'onopang'ono mpaka kutentha kuyambe kuvina mofanana, kenako kuwerengetsa kuchokera pamenepo. Zinanditengera mausiku anayi, poti bokosi limachedwa kuyankha, ndipo kuchedwa kumeneku ndi komwe kumavuta pa kosi yonseyi.

Phunziro lalikulu linabwera ndi kuthima kwa magetsi. Arduino ndinaipatsa power bank, koma babu limadalira magetsi a m'nyumba. Atathima maola atatu, kabodi kanapitiriza kuwerengera kuti bokosi likuzizira, gawo la PID lotchedwa integral, lomwe limaphatikiza kuperewera kwa kutentha nthawi ikamapita, likungodzikundikira. Atabwera, babu linayaka osazima mpaka kutentha kunapitirira madigiri 41. Ndinadzidzimuka nditagwira chivindikiro. Mwayi munalibe mazira, ndinali ndikuyeserabe. M'kalasi amati integral windup, ndipo ndinali nditalemba m'kope osamvetsa. Mizere itatu ya code yoika malire inathetsa vutolo.

Kuchokera tsiku limenelo ndimaona mosiyana ngakhale makina a ku Nkula ndi ku Kapichira, komwe ma governor amachepetsa kapena kuwonjezera madzi olowa m'ma turbine kuti magetsi akhale pa 50 Hz. Nzeru yake ndi yomwe ija James Watt anaika pa injini ya nthunzi mu 1788, imene Maxwell anadzaifotokoza ndi masamu mu 1868.

Kabodi kenikeniko sikanandikhumudwitsepo. Timawaya ta m'paketi tija ndiye timamasuka msanga, ndinachita kuwotcherera zonse ndi solder. Masamu ngati root locus sikangakuphunzitseni, pamenepo ndimadalira GNU Octave, pulogalamu ya masamu ya pa kompyuta yomwe ndi yaulere. Azakhali aikamo mazira 30 Lolemba lapitali, ndipo ine ndikusaka sensa yoyezera chinyezi, chifukwa masiku atatu omaliza chimayenera kukwera kuti anapiye aswe bwino.