Tabuleti ya onebillion m'kalasi ya ana osiyana mphamvu: zomwe ndaona

Aliyense amene anaimapo kutsogolo kwa sitandade 2 amadziwa kuti kalasi imodzi imakhala ndi makalasi angapo m'kati mwake. Pali ana amene amawerenga kale chiganizo chonse, ena akulimbana ndi maphatikizo a ba, be, bi, ndipo ena sanazindikirebe kuti chilembo chili ndi liwu lake. Chiyambireni maphunziro aulere a ku pulayimale mu 1994, ophunzira anachuluka kwambiri, moti mphunzitsi amene ali ndi bolodi limodzi ndi choko amakakamizika kuphunzitsa ana apakati, kusiya ofulumira akutopa ndi kudikira, ochedwa akutsalira. N'chifukwa chake ndinalandira ndi chidwi matabuleti amene Unduna wa Zamaphunziro unayamba kugawa m'sukulu mu 2023 kudzera mu ndondomeko ya BEFIT, ya ana a sitandade 1 mpaka 4.

Pulogalamu imene ili m'matabuletiwa ndi onecourse, yopangidwa ndi bungwe la onebillion la ku London, lomwe mu 2019 linali limodzi mwa mabungwe awiri amene anapambana mpikisano wa Global Learning XPRIZE utayesedwa m'midzi ya ku Tanzania. Imaphunzitsa kuwerenga, kulemba ndi masamu, imalankhula Chichewa, siifunika intaneti, ndipo matabuletiwo amatchajidwa ndi magetsi a sola.

Ubwino wake waukulu, m'kuona kwanga, ndi wakuti mwana aliyense amayenda pa liwiro lake popanda kuchita manyazi. Pulogalamuyi imayamba yamuyesa mwana pang'ono, kenako n'kumupatsa ntchito yolingana ndi pamene wafika. M'kalasi mwanga muli mnyamata wamkulu msinkhu amene anabwereza kalasi, ndipo chaka chonse ankakhala kumbuyo, osakweza mkono ngakhale kamodzi, poopa kusekedwa ndi ana aang'ono kwa iye. Tsiku lina ndinaima pambali pake atavala mahedifoni, ndipo ndinamuona akutsata chilembo cha m ndi chala, kulakwitsa kawiri, kuyambiranso, milomo ikugwedera chamumtima, mpaka chinatheka. Palibe anamuseka, chifukwa mnzake woyandikana naye anali kalikiliki kuwerenga kankhani kake. Kuleza mtima koteroko, kobwereza chinthu kakhumi osakwiya, ine sindingakwanitse kukupereka kwa mwana aliyense pa ola limodzi. Mtsikana wina wachialubino, amene amavutika kuona zolembedwa pa bolodi ngakhale atakhala kutsogolo, amangoyandikitsa tabuleti kumaso kwake, ndipo kwa nthawi yoyamba akuona zimene anzake akuona.

Komabe chipangizochi chili ndi malire ake, ndipo makolo ndi aphunzitsi ayenera kuwadziwa. Malangizo ake ambiri amabwera kudzera m'makutu, choncho mwana amene ali ndi vuto la kumva amangoona zithunzi zikusintha osadziwa chimene wafunsidwa, ndipo amayamba kudina mongoyerekeza. Ofufuza a ku University of Nottingham atayesa mapulogalamu a masamu a bungwe la onebillion ndi ana aulumali kuno ku Malawi, anapeza kuti anawo amaphunziradi, ngakhale pang'onopang'ono poyerekeza ndi anzawo, ndipo kuti vuto la kumva ndi limodzi mwa zinthu zimene zimawachedwetsa. Mwana wosaona konse, yemwe amafunika zilembo za Braille, galasi losalala silimuuza kanthu. Palinso nkhani ya chiyankhulo, imene sitiikamba mokwanira: mwana amene kwawo amalankhula Chiyao, Chitumbuka kapena Chisena amafika m'kalasi akumva Chichewa mwa apo ndi apo, ndipo tabuleti siingaone nkhope yake n'kuzindikira kuti wasokonezeka ndi mawu, osati ndi masamu.

Pachifukwa chimenechi, nthawi ya matabuleti sindiitenga ngati nthawi yopuma. Ana ambiri akakhala chete ndi mahedifoni awo, ine ndimapeza mpata umene sindinkaupeza kale, wokhala pansi ndi awiri kapena atatu amene chipangizochi sichikuwafikira. Wovutika kumva ndimakhala moyang'anizana naye kuti aone milomo yanga, ndipo timawerengera ndi zitsekerero za mabotolo ndi timitengo monga mwa kale. Amene sanazolowere Chichewa ndimamukhazika ndi mnzake wodziwa ziyankhulo zonse ziwiri.

Kwa sukulu imene ikuyembekezera kulandira matabuletiwa, langizo langa ndi lakuti asanafike n'komwe, aphunzitsi alembe mayina a ana amene samva bwino, amene saona bwino ndi amene Chichewa n'chachilendo kwa iwo, ndipo agwirizane kuti ndani adzakhale nawo pambali anzawo akavala mahedifoni.