Mzikiti wa Mtumiki nawonso unkadontha

Asalamu alaikum nonse kwathu ku Bangula. A malume akhala akundifunsa pa foni kuti, "Iwe, chaka chonsechi uli ku Saudi, ku mzikiti wa Mtumiki sunapondeko?" Ndapondako sabata yathayi, ndiye ndati ndilembe pano kuti nonse mumve kamodzi.

Kuchokera ku Jeddah kuno, komwe ndimatsitsa makatoni m'sitolo, ndinakwera sitima yothamanga ija inayamba mu 2018. Yandidya m'thumba, koma ku Madina ndinafika msana usanayambe kuwawa. Dzuwa lake, la ku Ngabu mu Okutobala likuchepa. Pabwalo la mzikiti anaimikapo maambulera akuluakulu 250 otseguka okha m'mawa ngati bowa, anthu n'kumaswali pamthunzi. Ine ndinangoti kakasi, nsapato zili m'manja.

Koma chandikhala pamtima si maambulerawo. Mtumiki Muhammad (SAW, mtendere ukhale pa iye) atasamuka ku Makka kupita ku Madina mu 622, anayamba wamanga mzikiti wa Quba, kenako uwu. Zipupa zinali za njerwa zosaotcha, mizati ya thunthu la kanjedza, denga la masamba ake omwewo. Iye mwini ankasenza nawo njerwa. Mvula ikagwa munkadontha, mpaka tsiku lina maswahaba, omutsatira ake, anamuona akumaliza swala matope ali pachipumi. Apo ndinakumbuka mu 2023, namondwe Freddy atatigwetsera chipupa cha kumvuma cha mzikiti wathu, ife tikuswali pa masaka onyowa, ena akuchita manyazi kuti alendo asaone. Manyazi a chiyani?

Masana ndinapita ku Qiblatain, mzikiti wa zibula ziwiri, mbali zoyang'anako poswali. Poyamba Asilamu ankaswali atayang'ana ku Al-Aqsa, ku Jerusalem, mpaka lamulo linabwera, patatha chaka ndi miyezi ingapo ali ku Madina, loti atembenukire ku Kaaba, nyumba yopatulika ya ku Makka. Ana a ku madrasa amaloweza kuti mizikiti yoyenera kumangira ulendo ndi itatu: wa ku Makka, wa ku Madina ndi Al-Aqsa. Amalowezanso kuti swala imodzi ku Madina imaposa swala 1,000 za kwina, ndipo ya ku Makka imaposa 100,000. Ine ndinkayankha zimenezi poopa ndodo ya a shehe basi. Ndaima pamzere pakati pa mkulu wa ku Indonesia ndi mnyamata wa ku Nigeria, phewa kwa phewa, osamvana ngakhale liwu limodzi kupatula "Ameen", miyendo inanjenjemera.

Ku Makka sindinafike. Abwana akuti tchuthi china ndidikire Ramadhan ithe, ndiye za tawafu, kuzungulira Kaaba, ndidzakuuzani ndikazungulira ndekha kasanu ndi kawiri.

A malume, ya malata a mzikiti ndituma mwezi ukatha. Koma inu mwaitanitsa madzi a Zamzam, chitsime cha ku Makka chija, mwakwana kale anthu 14, ine chikwama ndili nacho chimodzi.