Kabuleta ya Edelbrock 1406 pa galimoto ya Chevrolet Camaro ya 1969: yosavuta, koma imadana ndi kutentha

Pa injini ya 350 (kukula kwake m'ma cubic inch) yomwe sinasinthidwe kwambiri, kabuleta iyi ya 600 cfm (muyeso wa mpweya womwe imadutsitsa pa mphindi) imakwana bwino. Ma metering rod, tizitsulo toyeza kuchuluka kwa petulo wolowa mu injini, mumasintha kabuleta ili pamalo pake, ndipo siidonthadontha petulo.

Vuto lake ndi kutentha. Mukazimitsa injini yotentha, petulo amawira m'kati mwake, ndiye galimoto imavuta kulizanso. Mankhwala ake n'kuika spacer ya phenolic (chotchinga cha pulasitiki yosadutsitsa kutentha) pansi pa kabuleta. Pampu ya petulo isakankhe kupitirira 6 psi (muyeso wa mphamvu yokankhira), apo ayi petulo amasefukira, choncho regulator, kachipangizo kochepetsa mphamvuyo, njofunika. Waya wa choke (kachitseko kochepetsa mpweya injini ikakhala yozizira) musautenge pa koyilo ya moto wa mapulagi. Pamenepo magetsi safika 12 volts, choncho choke satseguka mokwanira ndipo injini imangomwa petulo. Ngati manifold (chitsulo chomwe kabuleta imakhalapo) ndi ya kabuleta ya mtundu wa Quadrajet, muguliretu adapter yolumikizira.