Bungwe lotumiza aphunzitsi a Chingerezi ku msasa wa ana ku Tete: limayamba bwino koma silitseka bwino

Achinyamata angapo a muno mu Blantyre, makamaka amene anamaliza maphunziro a uphunzitsi koma sanalembedwe ntchito, akhala akundifunsa za bungwe lina la mumzinda muno limene limatumiza anthu odzipereka kukaphunzitsa Chingerezi ku msasa wa ana wa nthawi ya tchuthi ku Tete, m'dziko la Mozambique. Ndangobwerako kumene, ndipo maganizo anga ndi akuti bungweli limakonza bwino za ulendo ndi za maphunziro, koma limalephera pa sabata yomaliza, imene kwa anawo ndi yofunika kuposa masabata ena onse.

Pa za ulendo ndilibe dandaulo. Tinanyamuka pa Wenela m'mamawa, tinatuluka pa chipata cha Mwanza n'kukadinditsa mapasipoti pa Zobue, ndipo mkulu amene anatiperekeza anali ndi makalata onse olembedwa m'Chipwitikizi. Kogona kunali kosamalika, aliyense anali ndi neti yake, ndipo popeza mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi kumene kutentha kumafika madigiri 40 ndi kupitirira, anachita mwanzeru kuika maphunziro m'mawa ndi chakumadzulo basi.

Ntchito yeniyeniyo inandikhudza mtima kwambiri. Anawo amalankhula Chinyungwe kunyumba ndipo kusukulu amaphunzira m'Chipwitikizi, koma Chingerezi amachifuna ndi mtima wonse, pakuti dziko lawo linalowa m'bungwe la Commonwealth mu 1995, maiko onse asanu ndi limodzi amene lachita nawo malire amagwiritsa ntchito Chingerezi, ndipo pafupi pomwepo pali migodi ya malasha ya ku Moatize imene imakopa anthu ochokera kutali. Mmalawi amapeza mwayi waukulu m'kalasi yotere chifukwa Chinyungwe n'chapachibale ndi Chisena komanso Chichewa, moti mwana akasokonezeka mumamvana mosavuta. Mtsikana wina amene amathandiza mayi ake kugulitsa madzi ozizira m'mbali mwa msewu wopita ku Harare ankabwera ndi kapepala kolembapo mawu amene wamva kwa madalaivala a mathiraki, n'kumafuna kuti timuphunzitse kutchula mitengo ndi kubweza chenji. Pofika kumapeto ankatha kutero popanda kudodoma.

Vuto linaonekera pamene msasa unayandikira kutsekedwa. M'malo momanga pamodzi zimene ana aphunzira, masiku omaliza anathera pokonzekera nyimbo ndi masewero oonetsa alendo amene amathandiza bungweli ndi ndalama. Panalibe amene anatifunsa pamene mwana aliyense wafika, ndipo sanakonze zoti tikumane ndi aphunzitsi a sukulu za m'deralo, omwe ndiwo atsale ndi anawa chaka chonse. Ndinalemba m'kope mbiri ya mwana aliyense wa m'kalasi langa, amene akuwerenga bwino ndi amene akuvutikabe ndi katchulidwe, koma panasowa munthu woti alandire. Mabuku owerenga anawatsekera m'bokosi kudikira chaka chamawa, pamene bwenzi atawabwereketsa kwa ana kapena kuwasiya pa sukulu yapafupi. Zinandiwawa kumva mtsikana uja akufunsa kuti apitiriza ndi ndani, ine ndilibe chomuyankha, chifukwa chilankhulo chimene mwana sachigwiritsa ntchito kwa miyezi yambiri chimaiwalika.

Ifenso odzipereka sanatisamale mokwanira pobwerera. Kalata yotichitira umboni, imene ambiri tinkaidalira pofunsira ntchito, inatuluka mochedwa titachita kuitsatira ku ofesi yawo, ndipo ndalama zoyendera anatibwezera m'mameticais titafika kale pa malire, kumene osintha ndalama amatchula mtengo umene akufuna.

Amene akufuna kupita apite, chifukwa anawo ndi akhama ndipo mphunzitsi amaphunzirako luso limene ku koleji salipeza. Koma asananyamuke apemphe bungweli kuti lilembe papepala tsiku limene kalata ya umboni idzatuluke, ndalama ya dziko liti imene adzabwezeredwe, komanso dzina la sukulu imene idzalandire mabuku ndi mbiri ya ana msasa ukadzatsekedwa.