Wahoo ELEMNT ROAM: kompyuta ya panjinga yowerengeka kwa ife amene maso ayamba kufooka

Nditakwanitsa zaka 52, kachipangizo koyezera liwiro ndi mtunda kamene kanakhala pa handulo ya njinga yanga kwa zaka zambiri kanasiya kundithandiza, ngakhale kuti kankagwira ntchito bwinobwino. Msewu ndinkauona, galimoto yobwera kutali ndinkaizindikira, koma ndikaweramitsa mutu kuti ndione makilomita amene ndayenda, manambala ankangooneka ngati nyerere zoyenda m'chifunga. Dokotala wa maso anandifotokozera kuti munthu akapitirira zaka 40, disolo la m'kati mwa diso limayamba kuuma, motero limalephera kuona bwino zinthu zapafupi. Magalasi owerengera amathandiza pa nyuzipepala, koma munthu sangapalase nawo njinga chifukwa amachititsa msewu kuoneka mwachimbuuzi, ndipo handulo imakhala patali ngati kutalika kwa mkono, pamene diso lotere limavutika kale.

Anzanga opalasa nawo anandilangiza kuti ndigule kompyuta ya panjinga imene ili ndi sikirini yaikulu kuposa zonse. Malangizowo si olakwika kwenikweni, pakuti Garmin Edge 1040 ili ndi sikirini ya mainchesi 3.5 ndipo Hammerhead Karoo 2 ili ndi ya mainchesi 3.2, pamene Wahoo ELEMNT ROAM yachiwiri, imene inatuluka mu 2022, ili ndi ya mainchesi 2.7 okha. Komabe ndinasankha ROAM, ndipo patatha chaka ndikuigwiritsa ntchito ndikuona kuti sindinalakwitse, chifukwa chimene diso lofooka limafuna ndi kukula kwa nambala imene ukuifuna pa nthawi imeneyo. Sikirini yaikulu imene yadzaza timabokosi khumi ta manambala imavuta kuwerenga mofanana ndi yaing'ono.

Kumanja kwa kachipangizoka kuli mabatani awiri, ndipo ndi amenewa amene anandikopa. Ukadina limodzi, zinthu zolembedwa pa sikirini zimachepa ndipo zotsalazo zimakula. Ukadina linalo, zimene zinachoka zimabwerera. Zimenezi zimachitika uli pa njinga, popanda kuima kapena kulowa m'zoikamo zilizonse. Ine ndinaika liwiro poyamba, kugunda kwa mtima pachiwiri ndi mtunda pachitatu, popeza zimene waika kumayambiriro ndi zimene zimatsalira ukamachepetsa. Ndikamakwera phiri la Zomba kulowera ku Ku Chawe, thukuta likuyenderera m'maso komanso mthunzi wa mitengo ukusinthana ndi dzuwa pa khona iliyonse, ndimadina ndi chala chamkombaphala mpaka patatsala manambala awiri okha. Pamenepo nambala ya kugunda kwa mtima imakula kufika ngati chikhadabo cha chala chachikulu, ndipo ndimangoiponyera diso kamodzi n'kubwerera pa msewu. Kwa munthu amene akudutsa pakati pa maenje, akabaza ndi oyenda pansi, kanthawi kamene maso achoka pa msewu ndi nkhani ya moyo, choncho sindiona mabatani awiriwa ngati chinthu chaching'ono.

Sikirini yake ndi ya mtundu umene umagwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa, kotero kuti masana a mwezi wa Okutobala, pamene foni imada bii ukaitulutsa panja, iyo imaoneka bwino kwambiri. Ili ndi mitundu 64, koma opanga ake sanaimwaze paliponse: manambala ndi akuda pa malo oyera, ndipo mtundu umabwera pokhapokha pamene ukutanthauza kanthu, monga kusonyeza kuti mtima wafika pothamanga kwambiri. Madzulo kapena m'nkhalango, nyali ya kumbuyo kwa sikirini imayaka yokha. Chenjezo limodzi ndi lakuti magalasi a dzuwa otchedwa polarised amatha kudetsa masikirini ambiri a mtundu umenewu ukawayang'ana chammbali, ndiye ndi bwino kuyesa ndi magalasi amene mumavala popalasa.

Chinanso chimene chimapumitsa maso ndi timagetsi ting'onoting'ono timene tili pamwamba ndi kumanzere kwa sikirini. Ukamatsatira njira imene unaikonzeratu, tapamwambato timathwanima kulowera mbali imene uyenera kukhotera, ndipo kachipangizoka kamalira. Takumanzere tingaikidwe kuti tizisonyeza ngati ukuthamanga kuposa mmene wayendera pa ulendowo kapena ukuchedwa. Kuthwanima kumaoneka ngakhale diso lili pa msewu, ndipo sipafunika kuwerenga chilembo ngakhale chimodzi. Amene akufuna kugula adziwe kuti ROAM yachitatu, ya mu 2025, ili ndi sikirini yokhudza ndi chala koma ilibe timagetsi timeneti, choncho afunse bwino kuti akugulitsidwa iti.

Pa mapu ndi pamene mainchesi 2.7 amaonekera kuchepa kwake. Njira yoyenera kutsatira imasonyezedwa ndi mivi yakuda yooneka bwino, koma mawu ang'onoang'ono, monga dzina la msewu wokhoterako, ndimawawerenga ndikaima n'kuvala magalasi. Munthu amene amayenda kwambiri kumalo achilendo ndipo amadalira mapu angapindule ndi sikirini ya mainchesi 3.5. Mapuwo amachokera ku OpenStreetMap, imene imajambulidwa ndi anthu ongodzipereka, motero msewu waukulu ngati M3 wa pakati pa Zomba ndi Blantyre ulimo, koma tinjira ta kumudzi si tonse timene mungatipeze. Zambiri zimakonzedwa kudzera pa foni, zimene kwa ine ndi mwayi, chifukwa ndimazichita nditakhala pa tebulo magalasi ali pamaso, ngakhale kuti wopanda foni yamakono zingamuvute. Batire, malinga ndi opanga ake, limatha maola 17, ndipo limatchajidwa ndi chingwe cha USB-C.

Mtengo ndi wokwera ndithu. Inatuluka pa madola pafupifupi 400 a ku America, ndalama zokwanira kugula njinga zingapo za kumudzi, ndipo ine ndinachita kuitanitsa kudzera mwa mbale wanga amene amakhala ku Johannesburg. Amene amangofuna kudziwa liwiro ndi mtunda angapeze kachipangizo kotchipa ka manambala aakulu n'kukhutira nako. Palinso magalasi a dzuwa amene ali ndi kachigawo kowerengera m'munsi mwake, ndipo mnzanga wina atawagula sanafunikirenso kusintha kompyuta yake yakale.

Kwa amene maso ayamba kuwavuta koma akufunabe GPS (luso losonyeza pamene uli kudzera m'masetilaiti), kugunda kwa mtima ndi kutsogoleredwa pa njira, ROAM yachiwiri ndikuivomereza ndi mtima wonse. Musanapereke ndalama, bwerekani ya mnzanu, muimangirire pa handulo ya njinga yanu, mutuluke nayo padzuwa mutavala magalasi amene mumapalasira, kenako muone ngati mungawerenge nambala yapamwamba popanda kuwerama.