RAM, hard drive yatsopano kapena SSD: ndinagula zonse, chimodzi chimandiwawabe

Mwezi uno wokha anthu atatu andifunsa zofanana. Womaliza ndi alamu anga, omwe anandiimbira usiku kudandaula kuti kompyuta ya ku ofesi kwawo akaiyatsa m'mawa amawiritsa madzi, kuthira tiyi, kumwa, iyo ikadali kuzungulitsa timadontho tija. Funso lake ndi limodzi: tigule chiyani? Ine RAM (memori yomwe kompyuta imagwirira ntchito ikayaka), hard drive yatsopano ndi SSD (chosungira mafayilo chopanda mbale yozungulira), zitatu zonsezi ndinagula motsatizana pa kompyuta imodzi, ndiye ndalemba kuti wachinayi akadzafunsa ndidzangomutumizira izi.

Yanga ndi desktop yogwirapo kale ntchito kunja, ya purosesa ya Core i5 wa m'badwo wachitatu, ndipo inabwera ndi RAM ya 4GB ndi hard drive ya 500GB. Ndimakonzerapo mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe.

Musanatulutse ndalama iliyonse, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke, mulowe pa Performance, muone Disk. Kwa ine pankalembedwa 100% tsiku lonse pomwe zodutsa zinali 1 kapena 2 MB pa sekondi, ndipo Average response time, nthawi yomwe drive imatenga kuti iyankhe, inkapitirira 1,000 ms, kutanthauza sekondi yathunthu. Drive yathanzi yozungulira ka 7,200 pa mphindi imayankha mu ms zosakwana 20 ikakhala kuti sinapanikizike. Kenako tsitsani CrystalDiskInfo, pulogalamu yoonetsa thanzi la drive, ndi yaulere, muyang'ane mizere itatu. 05 ikuwerenga malo owonongeka omwe drive inawatseka kale, C5 ndi malo omwe ikulephera kuwerenga panopa, ndipo C7 ikamakwera nthawi zambiri wolakwa ndi kebulo ya SATA, yolumikiza drive ku bodi ya kompyuta, osati drive. Mnzanga wina anatsala pang'ono kutaya drive yabwinobwino chifukwa cha kakebulo komasuka.

Za kufomata sinditaya nthawi. Anyamata okonza makompyuta m'tauni mankhwala awo ndi amodzi ngati panado, mutu kapena mimba: "Tifomate, bwana." Ndinalipira, inathamanga milungu iwiri, mapulogalamu onse atabwerera inayambiranso kukwawa. Defrag, kusanja mafayilo omwazikana pa drive, nayo musalipirire munthu, Windows imachita yokha mlungu uliwonse. Kuzimitsa SysMain, gawo la Windows lomwe limalowetseratu mu RAM mapulogalamu omwe mumatsegula kawirikawiri, kumapepuza drive pang'ono ndipo n'kwaulere, yesani.

RAM inathandiza, sindingaineneze. RAM ikadzaza, Windows imatayira zotsala pa hard drive, ndiye drive yochedwa kale ija imasenzanso katundu wa mnzake. Nditakweza kufika 8GB Chrome inasiya kuuma ndikatsegula masamba ambiri. Koma kuyaka kunali komwe kuja. Ngati Memory mu Task Manager imakhala yodzaza, gulani RAM. Ngati ili theka, sungani ndalama.

Tsopano pomwe panandipweteka. Ndinaganiza kuti popeza drive yakale yatopa, ndigule yatsopano yaikulu, 2TB, ndithetse kuchedwa ndi kuchepa kwa malo nthawi imodzi. Inali yatsopanodi, mu pulasitiki wake wosatsegula. Ndinafunsa wogulitsa ngati ili yothamanga, iye akuseka: "Achimwene, drive ndi drive, bola kukula." Ndinaikapo Windows ndi mavidiyo onse.

Masiku oyamba zinali bwino. Loweruka lina ndinabwera ku ukwati ndi makadi atatu a kamera odzaza, eni ukwati akufuna kavidiyo kachidule Lolemba. Kukopa kunayamba pa 150 MB pa sekondi, ine n'kupita kukasamba. Pobwera ndinapeza mzere wobiriwira uja wagwa pansi, ukuonetsa 12 MB, kenako 3, kenako 0 kwa masekondi angapo, n'kudzukanso pang'ono. Mbewa ikuyenda koma chilichonse chomwe ndingadine sichikutseguka. Ndinasintha kebulo, ndinasintha polumikiza, ndinatukwana card reader yosalakwa. CrystalDiskInfo ikuti Good, buluu wokongola. Ndinagona cha m'ma 2 koloko makadi asanathe.

Nditafufuza nambala ya model ndi pomwe ndinadziwa zilembo zitatu zomwe sizinalembedwe paliponse pa chikwama chake: SMR. Drive wamba, yomwe amati CMR, imalemba mizere yake moyandikana, uliwonse pa malo ake. Ya SMR imasanjikiza mizere ngati mmene timakhomera malata, lina kuphimba m'mphepete mwa linzake, kuti mbale imodzi yozungulira m'kati mwa drive ilowe zambiri pa mtengo wotsika. Kuwerenga kulibe vuto. Koma amene anasinthapo lata lapakati pa denga akudziwa kuti uyenera kuzula misomali ya oyandikana nalo. Drive nayo ikafuna kusintha mzere umodzi, imayenera kulembanso mizere yonse yosanjikizana nawo. Pobisa zimenezi, opanga amasiya kachigawo kosasanjikiza komwe zolembedwa zimafikira kaye, ndipo drive imazisamutsa mwakachetechete ikapeza mpata. Mukamakopa pang'onopang'ono simungazindikire. Mukathira mavidiyo a ukwati wonse, kachigawo kaja kamadzaza, ndipo mumaona zomwe ndinaona ine. Choipitsitsa n'kuikapo Windows, chifukwa Windows sileka kulemba tizinthu ting'onoting'ono, drive osapeza mpata wopumira. Mumaimva ikukukuta yokha usiku inu musakuigwira.

Nkhaniyi si yachilendo. Mu 2020 zinaululika kuti Western Digital inkagulitsa ma WD Red a 2TB mpaka 6TB a SMR osanena, ndipo Seagate ndi Toshiba nawo anavomera kuti ena mwa ma drive awo a desktop ndi otero. Phokoso litakula, Western Digital inatulutsa WD Red Plus ya CMR. Taonani mmene kusiyana kwake kumabisalira: WD40EFRX ndi CMR, WD40EFAX ndi SMR. Chilembo chimodzi. Choncho musagule ndi dzina kapena mtundu wa sitika, lembani nambala yonse ya model pa Google muli m'sitolo momwemo, muwonjezere mawu oti SMR. Wogulitsa akayamba kukufulumizitsani, tulukani.

Kunena chilungamo, drive ya SMR ili ndi ntchito yake: kusungira zomwe mwamaliza, zolemba kamodzi n'kusiya. Yanga ndinaiika pa ntchito imeneyo. Koma sindinaikhululukire.

SSD ndinaigula pomaliza, pomwe inayenera kukhala yoyamba. Ya SATA, 500GB. Anthu amatchula 550 MB pa sekondi poyerekeza ndi 150 kapena 200 ya hard drive, koma chomwe mumamva pa ntchito si chimenecho. Hard drive ili ndi kamkono koyenda pa mbale kufunafuna fayilo, ndipo mafayilo ang'onoang'ono omwazikana imakwanitsa pafupifupi 100 pa sekondi. SSD ilibe choyenda, imakwanitsa masauzande ambirimbiri. Kuyaka kunachoka pa mphindi zitatu kufika pa theka la mphindi, purosesa yomwe ija ya 2012.

Nayo ili ndi timisampha take. M'bokosi munalibe kebulo ya SATA, ndinabwereranso m'tauni. Ndi ya mainchesi 2.5 pomwe malo a m'kesi ndi a 3.5, ndipo yanga ndinangoimanga ndi cable tie, ilibe chogwedezeka. Pa mabodi akale si mabowo onse a SATA omwe ali a 6 Gb/s, ena ndi a 3, ndiye onani zolembedwa pa bodi. Mu BIOS, momwe mumasinthira makonzedwe a bodi poyatsa kompyuta, muonetsetse kuti pa SATA pasankhidwa AHCI musanaike Windows. SSD ya mtundu wa NVMe ndi yothamanga kuposa ya SATA, koma ngati bodi yanu ilibe polowetsa M.2 musadzivutitse. Samsung 870 EVO ndi Crucial MX500 zili ndi DRAM, kamemori kothandiza SSD kugwira ntchito msanga, pomwe Kingston A400 ndi Crucial BX500 zilibe. Kwa okonza mavidiyo ndinganene zoyambazo, kwa a Word ndi Excel iliyonse ikwana. Ndipo SSD ya dzina losadziwika yolembedwa 2TB pa mtengo wa flash, iyeseni ndi H2testw, pulogalamu yoona ngati malowo alipodi, musanaikepo kanthu.

Panopa Windows ndi ntchito yomwe ndikukonza zili pa SSD, zomaliza zimapita pa 2TB ija usiku, izizisamutsa yokha mpaka m'mawa.

Alamu anga ananditumizira chithunzi cha CrystalDiskInfo pa WhatsApp dzulo. Chikasu, Caution, C5 yakwera, ndipo Power On Hours yadutsa 40,000, kutanthauza zaka zoposa zinayi ndi theka drive ikuzungulira osapuma. Ndawauza kuti za kugula tikambirana Loweruka, lero akope kaye mafayilo a malipiro a antchito pa flash magetsi asanazime.